Nkhokwe ya a Pulezidenti

Nkhokwe ija inkaonekera patali. Munthu akamatsika njira yakuphiri yochokera ku Maniamba, asanaone denga ngakhale limodzi la m'mudzi mwathu, ankayamba waona iyo itaima pachulu, ili mbee, chifukwa inazilidwa ndi dothi loyera lomwe ife ana tinkakakumba kumtsinje. Kwathu kuja, kufupi ndi Kobwe, nkhokwe sinali chinthu chozolowereka. Chakudya chathu chinali chinangwa, ndipo chinangwa nkhokwe yake ndi nthaka yomweyo: umazula cha lero ndi cha mawa, chotsalacho chimagona pansi, pomwe wakuba kapena msilikali sangachitenge popanda khasu ndi thukuta. Usipa wouma amayi ankaumanga m'timitolo n'kuubisa uku ndi uku, kena kudenga, kena mumtsuko wosweka kuseri kwa nyumba. Ndiye taganizani, pakati pa anthu odziwa kubisa chonchi, munthu mmodzi n'kumanga chinkhokwe pamalo okwera, n'kuchiyeretsanso kuti aliyense achione. Munthu ameneyo anali atate anga, ndipo mpaka lero fungo la usipa wosakanikirana ndi makaka, chinangwa chouma chija, likandipeza pamsika, njala imandithera pomwepo.

Atate anapita ku Joni ine ndili kumsana, pamodzi ndi anyamata ena omwe Kampani inkawalemba n'kuwatumiza kumigodi. Kampaniyo ndiyo inali boma masiku amenewo. Dziko lonse linali munda wake, ife tinali makasu ake. Kumgodi mwala unawaphwanya phazi atate, ndipo atachira anapeza ntchito yotsuka mbale m'nyumba ina yogona alendo. Mmenemo munkakhala anyamata awiri achizungu ochokera ku Amereka, ofalitsa mpingo wachilendo, osamwa tiyi, osagwira fodya, osalawa mowa. Atate ankamvako Chingerezi cha kusukulu ya mishoni, choncho akamapukuta tebulo ankatchera khutu. Anamva kuti mtsogoleri wa mpingowo satchedwa bishopu kapena padiri koma pulezidenti, nkhalamba ya ndevu zoyera yomwe anthu ake ankati ndi mneneri wamoyo. Anamva kuti nkhalambayo ili kamnyamata inayenda ulendo wautali m'chipululu, anthu a mpingowo atathamangitsidwa kwawo. Kuti anayenda m'magulu, pangolo zokokedwa ndi ng'ombe, amphamvu akuthandiza ofooka, osasiya wamasiye kumbuyo. Ndi kuti atafika kunyanja ina yamchere anamanga nkhokwe ya mpingo, momwe aliyense ankathira gawo limodzi mwa magawo khumi a zokolola zake. Atate anapempha ubatizo. Anyamata aja anayang'anana, n'kuwauza kuti ayambe adikira kaye. Anadikira mpaka anyamatawo anabwerera kwawo, ndipo nawonso anabwerera kwathu akutsimphina, opanda bokosi la nsalu ngati anzawo, atangosenza nkhalamba ija m'mutu.

Dzina la nkhalambayo sindilitchula pano, ndinalimva mokwanira ndili mwana. Linkatuluka m'mawa, linkatuluka kumunda, linkatulukanso pachakudya tisanasambe m'manja. Pulezidenti sadzuka dzuwa litatuluka. Pulezidenti amagwira yekha khasu. Pulezidenti sadya anthu ake asanadye. Atate anasiya mowa, anataya fodya wawo, n'kuletsanso amayi wapamphuno, ngakhale amayiwo ankangomusunga m'kachiguli m'chiuno n'kumakafwenkha kudooko ndi anzawo. Anayamba kusunga ndevu, koma ndevuzo zinakana, zinangomera pachibwano pokha, ndipo anthu akawaona akubwera ankalira ngati tonde. Mphunzitsi wa mishoni anawadzudzula kangapo, kenaka anawaletsa kudya mgonero, pakuti banja lathu linali la tchalitchi kuyambira kale. Dzina loti a Pulezidenti linayamba ngati chipongwe cha pamowa. Atate analilandira ngati mphatso, ndipo pasanapite nthawi ngakhale owanyoza anaiwala dzina lawo lenileni. Ife ana nkhani ija inatikomera mwa njira yathu. Tinkasewera zangolo pamchenga, tisanaonepo ngolo chibadwire: wina ankakwawa kukhala ng'ombe, wina ankakhala pachidutswa cha bwato lowola n'kumakokedwa, ndipo ine, poti ndinali mwana wa a Pulezidenti, ndinkayenda kutsogolo ndi ndodo, nditamanga udzu pachibwano.

Chaka chimene ndikunenachi nkhondo ya azungu inali itafika kumapiri. Asipayi, asilikali akuda a Kampani, ankayenda m'midzi kufuna zinthu ziwiri, chakudya cha asilikali ndi anthu ochisenza. Wokana ankakalawa mbalamatodya, kathabwa komenyera m'manja, kuposito, kuofesi ya shefi yemwe anali bwana wa Kampani m'dera lathu, mpaka manja kutupa, ndipo akasowa amuna ankagwira akazi. Anthu anayamba kuwolokera ku Likoma, chilumba chija tinkachiona tsiku lililonse patsogolo pathu, komwe kunali ulamuliro wina ndipo dzanja la Kampani silinkafikako. Koma kuwolokako kunali ndi kachitidwe kake, komwe palibe anaphunzitsa mnzake koma aliyense ankakadziwa. Banja likaganiza zochoka silinkauza ngakhale mnansi. Mkazi ankaviika chinangwa mumtsuko monga mwa masiku onse, n'kuyanika kansalu kakale paudzu, mbuzi n'kuisiya pachingwe, chikuni chikufuka pamafuwa. Mwamuna ankagoneka ana pansi m'bwato, n'kuwafunditsa maukonde a matchera, n'kupalasa pang'onopang'ono ngati akupita kokawonjola nsomba. Asipayi akadutsa ankaona utsi ndi munda wodzaza, n'kuganiza kuti eni ake abwera posachedwa. Munthu ankataya munda wonse kuti agule tsiku limodzi lokha loyambira ulendo, ndipo tsiku limodzilo linkakwanira.

Atate ankanyansidwa nako kuthawa kotereku. Ankati amene ali ndi bwato apulumuka, nanga nkhalamba yakhungu ngati a Yohana idzapalasa chiyani, mphasa? Pamenepo sindingawanamizire, ankanena zoona. Mudzi unkachepa mlungu uliwonse, ndipo otsala anali amene analibe wowawolotsa: nkhalamba, amasiye, akazi omwe amuna awo anatengedwa kale, ndi ana awo. Anthu amenewa ndiwo anayamba kusonkhana pakhomo pathu, poyamba kudzamva nkhani ya chipululu, kenaka kudzapemphera. Atate anawauza kuti tichoka monga anachokera anthu a nkhalamba ija: tonse pamodzi, tsiku limodzi lodziwika, dzuwa likuswa mtengo, ndi chakudya chathu chonse, kuti tisakafike kwa eni ake ngati opemphapempha. Anapeza amuna ochepa a mabwato omwe anavomera kudikira. Ananena kuti mwera ukangoleka kuwomba, nyanja ikagona, ndiye ulendo. Ndipo anamanga nkhokwe ija kuti chakudya cha ulendowo chisonkhane pamalo amodzi.

Amalume, mchimwene wawo wa amayi, anabwera tsiku lina masana, nkhafi ili paphewa. Sanakhale pampando womwe anawapatsa. Anaima pabwalo n'kuyang'ana nkhokweyo kuchokera pansi mpaka pansonga.

"Alamu," anatero, "mawa ndikupita kokawonjola. Ndipatseni mlongo wanga ndi mwanayu."

Tonse tinamva tanthauzo lake. Atate anayankha mofatsa, monga ankayankhulira pamapemphero: "Alamu, mtsogoleri amayenda kutsogolo, ndipo mkazi wake ndiye amatseka chitseko. Akayamba kuchoka wa m'nyumba mwanga, amasiyewa ndidzawauza chiyani?"

Amayi anali akusenda chinangwa, ndipo sanakweze mutu. "Pitani, achimwene," anatero. "Ndikakwera bwato lanulo, nkhokwe ija aigawana dzuwa lisanalowe, bambowa n'kusanduka choseketsa cha mudzi wonse. Tidzakupezani konko."

Mwa mwambo wathu amalume anali ndi mphamvu pa ine kuposa atate, ndipo akanatha kunditenga. Koma ndinakakamira nsalu ya amayi, iwo n'kundisiya. Kutacha, pakhomo pawo pankafuka utsi, mbuzi ikulira pachingwe. Sanaime ndi pa Likoma pomwe, anapitirira mpaka tsidya lina la nyanja, ndipo zonse zomwe zinachitika pambuyo pake anazimva patapita nthawi yaitali.

Kenaka inafika nyengo ya ntchito, ndipo ndiyenera kuvomera kuti kwa mwana inali yokoma. Atate analamula kuti chinangwa chonse chizulidwe, cha aliyense, munda ndi munda, chifukwa kusiya chakudya m'nthaka amasiye akukafa ndi njala kutsidya ankati ndi tchimo. Sindinaonepo chinangwa chochuluka chonchija. Mitsuko inachepa, ndipo tinakumba maenje m'mphepete mwa madzi momwe tinkachiviika. Fungo lake lowawasa linalowa m'nsalu, m'tsitsi, mpaka m'madzi akumwa. Amayi ndiwo ankatsogolera akazi. Ankadzuka tambala asanatsike, kuvuula, kufinya, kuyanika, kwinaku akuseka anzawo aulesi mpaka aulesiwo kuseka nawo. Manja awo anasuwa khungu ndi madzi a chinangwa, ndipo madzulo ndinkawapaka mafuta a nsatsi m'zala. Matandala anachepa, tinayanika pamiyala, pamadenga, pamabwato ovundikira, gombe lonse n'kuyera. Ntchito yathu ana inali kuingitsa nkhuku ndi akhwangwala, ndipo malipiro athu anali kuba kakaka kamodzi n'kukakukuta kuseri. Zouma zinkalowa m'madengu, madengu n'kusokedwa pakamwa ndi luzi, n'kukaikidwa m'nkhokwe, atate ataima pakhomo pake akusisita tindevu tawo. Kumtunda kwa mudzi minda inatsala mbee, dothi lofiira lili pamtunda, mapesi atamwazikana.

M'masiku amenewo anadutsa msipayi mmodzi, munthu wa chinenero chathu chomwe, mfuti ili kumsana. Anapempha madzi pakhomo pathu, amayi n'kumupatsa atagwada. Anamwa pang'onopang'ono, maso ali pagombe loyera lija, kenaka anatembenukira kuminda yopanda kanthu, kenaka kunkhokwe. "Iii, amayi," anatero, "makaka onsewa? Kapena shefi wa posito akukwatira?" Anaseka, anabweza chikho, n'kumapita. Amayi anawauza atate madzulo ake kuti munthu uja waona zonse, ndipo kuli bwino tinyamuke mawa lomwe ndi zomwe zauma. Atate anati madengu sanathe kusokedwa, a Yohana akudwala, ndipo tsiku linalengezedwa kale pamaso pa Mulungu. Anatinso taonani, msipayi wabwera n'kubwerera osagwira kanthu, chimenechi n'chizindikiro chakuti tikutetezedwa. Lero ndikudziwa chomwe chinamubweza. Anali mwana wa kunyanja, ankadziwa kuti munda wozulidwa wonse ndi wa munthu wosabwereranso, ndipo ankadziwanso kuti chinangwa chachiwisi n'cholemera komanso chimawola panjira. Anangotisiya kuti timalize kumuumitsira, timuikirenso m'madengu.

Tsiku la ulendo kunacha bwino, nyanja ili phee. Atate anatisonkhanitsa pagombe, anatiimbitsa nyimbo ya kumishoni poti ya mpingo uja sankaidziwa ngakhale imodzi, n'kufotokoza dongosolo. Mabwato anali ochepa, choncho ulendo woyamba unali wa nkhalamba, amasiye ndi ana. Wachiwiri wa akazi amphamvu ndi madengu. Amuna onse anayenera kupalasa. Akazi otsalawo anauzidwa kuti atulutse madengu m'nkhokwe n'kuwandandalika pagombe kuti mabwato akabwerera asataye nthawi. A Yohana anawanyamula pamanja n'kuwakhazika pakati. Ine anandiika m'bwato la atate, koma dzanja langa linali lidakali pansalu ya amayi, omwe anaima m'madzi ofika m'mawondo akugwira bwatolo kuti lisapendame. Onse atakwera, panatsala malo a munthu mmodzi pafupi ndi ine. Mmodzi wa opalasa anati, "Amayi, kwerani basi, malo alipo." Ndinaona amayi akuyang'ana atate. Atate anayang'ana pagombe, n'kuitana a Rabeka, mayi wachitsikana yemwe mwamuna wake anamira chaka chapitacho. Anali wamphamvu ngati amayi, mwina kuposa, ndipo anali atavomera kale kudikira ulendo wachiwiri. Koma anali wamasiye, ndipo lamulo linali lakuti amasiye atsogole. A Rabeka anakwera mwamanyazi. Amayi anachotsa zala zanga pansalu yawo chimodzichimodzi, n'kundiuza kuti, "Ukandisungire malo pamthunzi, ndikubwera pambuyopo." Kenaka anakankha bwato.

Tinafika ku Likoma dzuwa lili pamutu. Amuna anangotitsitsa, anamwa madzi, n'kubwerera. Ine ndinapeza mlambe waukulu pafupi ndi gombe, ndinasesa pansi pake ndi nthambi, ndinazunguliza miyala, ndipo mwana aliyense woyandikira ndinkamuthamangitsa, ndikumuuza kuti apa m'pa amayi anga. Mthunzi ukasuntha, ndinkasunthanso miyala. Dzuwa litapendeka ndinaona mabwato akubwera, ndipo ndinathamangira kumadzi ndikukuwa. Koma mwana wa kunyanja amalidziwa bwato lolemera likadali patali: limamira mpaka m'milomo, limayenda mwaulemu, opalasa akuwerama. Awa ankayandama pamwamba, akudumphadumpha pamafunde, ndipo ankabwera msanga kwambiri. Ndinasiya kukuwa. Akuluakulu kumbuyo kwanga anali asanamvetse, ena anali akuimbabe, koma ine ndinali nditadziwa kale kuti mulibe dengu, mulibenso amayi.

Asipayi anatsika njira yakuphiri mabwato athu atangofika pakati pa nyanja. Anapeza zonse zili m'malo mwake: madengu atandandalikidwa pagombe, akazi amphamvu ataima pambali pake ndi nkhata m'manja, popanda mwamuna ngakhale mmodzi. Sanaombe mfuti, sanafunikire kufufuza nyumba. Anangowasenzetsa akaziwo madengu omwe anasoka okha, n'kuwalondolera kumtunda. Atate atafika anapeza nkhokwe ili pululu ndi mapazi pamchenga. Atabwerera ku Likoma anagwa pagombe n'kulira mokweza, ndipo anati m'mawa abwerera kuti akadzipereke kuposito m'malo mwa amayi. Ndinawakhulupirira. Koma kutacha amasiye anawazungulira, ena atawagwira miyendo, akuti a Pulezidenti, mukapita inu ife titsala ndi yani m'dziko la eni? Ndinaima pomwepo ndikudikira kuti awakankhe. Sanawakankhe. Anakhala pansi, n'kunena kuti mtsogoleri si mwini wake wa moyo wake, ndipo tsikulo linatha akugawa malo omangapo misasa.

Tinafika ngati opemphapempha ndithu, ndipo amene anatidyetsa ndi a mishoni omwe aja, osatifunsa za mgonero. Mvula itayamba kugwa, akazi ena mwa ogwidwa aja anayamba kutulukira mmodzimmodzi, atawonda, mapazi atang'ambika. Bwato lililonse likafika ndinkakhala ndili pagombe. Mmodzi wa iwo ndiye anatiuza kuti amayi anasenza dengu lawo mpaka kupitirira Maniamba, akuseketsabe anzawo pachitunda, koma kenaka anadwala kamwazi, ndipo atalephera kudzuka asipayi anangowalanda dengulo n'kumusenzetsa wina. Anawasiya pambali pa njira, pafupi ndi kamtsinje komwe mayi wotiuzayo sanakadziwe dzina. Manda awo kulibe. Maliro tinalira pachilumba, popanda mtembo, ndipo atate ndiwo analalikira.

Ndakalamba tsopano, ndipo nkhalamba ya ku Amereka ija ndilibe nayo mlandu. Inamwalira isakudziwa kuti kuli mudzi wotere, kapena kuti munthu wotsuka mbale yemwe anyamata ake anamuuza kuti adikire anaisenza mpaka kunyanja kuno. Mwina kwawoko malamulo ake ankagwira ntchito, poti anali ndi ngolo zokwanira ndi chipululu chopanda asipayi. Mkwiyo wanga uli pa atate, ndipo sunazizire. Anali munthu wabwino, aliyense ankatero, ndipo n'zoona kuti popanda iwo a Yohana ndi amasiye aja akanatsala. Moyo wanga wonse anthu akhala akundiimitsa panjira kundithokoza chifukwa cha atate anga, ine n'kumayankha mwaulemu. Koma palibe anandifunsapo kuti ulendo uja anaulipira ndani. Atate anapereka chomwe sichinali chawo chokha, ndipo anachipereka mosavuta, chifukwa kumvera nkhalamba yomwe sanaionepo kunkawakomera kuposa kumvera mkazi yemwe anaona msipayi ndi maso ake.

Chaka chisanathe, akuluakulu a gulu lija anagwirizana kuti mtsogoleri sangakhale wopanda womuphikira. Anawapezera mkazi pakati pa amasiye omwe anawapulumutsa, ndipo amene anasankhidwa anali a Rabeka. Tsiku lomwe analowa m'nyumba mwathu atate anandiitana n'kunena kuti, "Awa ndi amayi ako tsopano." A Rabeka sanali munthu woipa, ndipo malo aja m'bwato sanawapemphe. Anandimeta, anandisokera nsalu, ananditsogolera pachinamwali, ndipo nditabereka mwana woyamba ndiwo anamulandira. Sanaberekepo wawo. Atate atamwalira ndinawatenga kukhala nawo, ndinawaphikira, ndipo miyendo itawakana ndinkawasambitsa ndi kuwatulutsa padzuwa. Atatsala pang'ono kutisiya anandigwira dzanja, n'kundipempha kuti kamodzi kokha ndiwaitane monga atate anandiuzira tsiku lija. Ndinawakonzera mtsamiro, ndinawamwetsa madzi, n'kuwauza kuti, "Gonani, a Rabeka."